Kodi Chizindikiro cha Chilombo Chili m'Kachipu?

Pa Katete Stores, pomwe mabasi ochokera ku Lusaka amatsitsa anthu asanapitirire ku Chipata, timanyumba tachikasu ndi tofiira totumizirapo ndalama tandanda m'mbali mwa msewu. Aliyense woima pamzere pamenepo, kaya ndi mphunzitsi, mayi wogulitsa tomato kapena mnyamata wonyamula anthu pa njinga, ali ndi kanthu kamodzi kofanana m'foni mwake: kachipu kobisika kuseri kwa kachitsulo konyezimira ka simukhadi. Wolandira malipiro kubanki ali ndi kena pa khadi lake. Reji yatsopano imene boma la Zambia lakhala likukonza kudzera m'dongosolo la INRIS ndi ya mtundu womwewo, monga zilili kale ku Malawi, komwe anthu oposa 9 miliyoni analembetsa zitupa za chipu mu 2017. M'mapemphero ena a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, tizitsulo timeneti timadzutsa funso lakale kwambiri kuposa foni: kodi chizindikiro cha chilombo chija si chimenechi?

Wofunsa chotere sayenera kusekedwa. Ayenera kuyankhidwa, ndipo yankho lake liyambire kumene kachipuko kamachokera.

Kachipu kamatuluka m'fakitale kali mbuli. Sikadziwa dziko, sikadziwa kampani, sikadziwa ngati kadzakhala m'wailesi, m'galimoto kapena m'mita ya magetsi. Kuti kagwire ntchito, pamafunika makina okalemba. Makampani monga Data I/O ya ku Redmond ku America, yomwe inayamba mu 1972, ndi BPM Microsystems ya ku Houston, ndiwo amapanga makina oterewa. Kukula kwake ndi ngati kabati yaikulu, ndipo ali ndi zitseko zagalasi kuti woyendetsa aziona zochitika mkati. Machipu amafika m'mathileyi, m'timapaipi tapulasitiki, kapena atandandalikidwa pa tepi yokulungidwa pa gudumu. Mkono wa makinawo uli ndi timilomo toyamwa mpweya. Kamlomo kamatola kachipu, kamera n'kuyang'ana ngati kakhala molunjika, kenaka kachipuko kamatsitsidwa m'soketi. Mmenemo makina amayamba aona ngati kalidi kopanda kanthu, amalembamo pulogalamu, n'kuwerenganso zonse zimene alembazo kuti aziyerekeze ndi fayilo yoyambirira. Zikafanana, kuwala kwa leza kumadinda nambala pamsana pake, kapena pamamatidwa kalebulo. Zikasiyana ngakhale pang'ono, kachipuko kamaikidwa m'thileyi ya zokanidwa. Makina aakulu amamaliza machipu oposa 1,000 pa ola limodzi.

Nanga munthu amachitapo chiyani? Asanagwire kanthu amamanga lamba pamkono, wolumikizidwa ndi waya wopita pansi, chifukwa magetsi a m'thupi, aja amathetheka munthu akamavula juzi usiku wa mu June, ndi okwanira kupha kachipu. Amasankha fayilo ya tsikulo pa kompyuta, n'kuyerekeza nambala yake yotsimikizira, checksum, ndi imene yalembedwa pa pepala la oda. Amayang'ana kadontho ka pangodya ya kachipu kuti kasalowe chozondoka. Amalemba kamodzi kokha poyamba, amakatulutsa, amakayesa, amawerenga zodindidwa pamsana pake, ndipo pokhapo ndi pamene amalola makina kuthamanga. Tsiku lonse amadzaza mathileyi, amapukuta masoketi, amasintha amene atha, amawerenga zokanidwa kuti zisasakanikirane ndi zabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi siilola munthu waphuma. Makina akaima, aliyense m'fakitale amadziwa. Choopsa ndi pamene makina akuyenda bwinobwino koma fayilo ndi ina, lebulo ndi ina. Machipu masauzande amatuluka ooneka bwino, kunja akunena china, mkati muli china, ndipo cholakwacho chimakadziwika katundu atafika kale m'manja mwa anthu.

Makina olemba masimukhadi ndi abale ake a amenewa, kungoti khadi lililonse limalandira nambala yakeyake. Munthu akatulutsa simu yake n'kuyang'anitsitsa, aona manambala ataliatali oyamba ndi 89, chizindikiro cha makhadi a zamafoni padziko lonse, kenaka 260, nambala ya Zambia. Mkati muli nambala ina ya manambala 15 yoyamba ndi 645, yotsatiridwa ndi 01 ngati ndi Airtel, 02 ngati ndi MTN, 03 ngati ndi Zamtel. Mulinso kiyi yachinsinsi imene ngakhale woyendetsa makina saiona. Masimukhadi oyamba anapangidwa mu 1991 ndi kampani ya Giesecke & Devrient ku Munich, ndipo 300 oyambirira anagulidwa ndi kampani ya Radiolinja ya ku Finland. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero, simu imachoka kufakitale ilibe dzina la munthu. Dzina limalumikizidwa nayo kuno kwathu, pamene mtsikana wa pakanyumba kachikasu kaja akunena kuti, "Agogo, tapatseni reji yanu ndijambule." Lamulo lolembetsa masimu linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo kumayambiriro kwa 2014 bungwe la ZICTA linalamula kuti malaini osalembetsa atsekedwe. Choncho pa kachipu kalikonse pamadutsa manja a anthu awiri amene sadzaonana: wa kufakitale wolemba nambala, ndi wa pa Katete womangirira nambalayo ku dzina.

Agogo amene amazengereza kutulutsa reji pamenepo ali ndi zifukwa zawo. Makolo awo ankayenda ndi chitupa cha atsamunda, chimene chinkaonetsa ngati munthu wakhoma msonkho ndiponso kumene waloledwa kugwira ntchito, ndipo anthu anachida mpaka kuchitentha poyera m'nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961. Amene anapita kumigodi ya ku Johannesburg anaona zimene pasi inkachita kwa munthu wakuda. Pepala lokhala ndi nambala silinabwere kuno ngati bwenzi. Tsono pamene mlaliki atsegula Chivumbulutso mutu 13 n'kufotokoza za nthawi imene wopanda chizindikiro sadzatha kugula kapena kugulitsa, womvera amayang'ana moyo wake: ndalama za mwana wa ku Lusaka zimabwera pa foni, feteleza wa boma amafuna reji ndi nambala ya foni, ndalama zothandizira okalamba ndi osauka nazo zikulowera komweko. Mu 2021, katemera wa Covid-19 atafika, mphekesera yoti mu jekeseni muli kachipu inayenda m'mafoni mwachangu kuposa katemerayo. M'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kukhala lachikhristu pa 29 December 1991, nkhani yotere siithera pa tchalitchi. Imafika kuchipatala, ku kopaletivu ndi pa mzere wolembetsa mavoti.

Koma mutu 13 uja ukawerengedwa wonse, osangotola vesi limodzi, nkhani yake yaikulu ndi kulambira. Chilombo chachiwiri chikukakamiza anthu kugwadira fano la chilombo choyamba, okana akuphedwa, ndipo chizindikiro chikuperekedwa kwa amene agwada. Akhristu oyamba kumva bukuli ankakhala m'mizinda ya Asiya Wamng'ono momwe mfumu ya Roma inkapembedzedwa ngati mulungu. Ku Pergamo, umodzi mwa mizinda isanu ndi iwiri yotchulidwa m'bukuli, kachisi wa mfumu Augusto anavomerezedwa zaka 29 Khristu asanabadwe. Akatswiri ambiri a Baibulo amati 666 ndi dzina la mfumu Nero, amene analamulira kuyambira mu 54 mpaka 68, likalembedwa m'zilembo za Chihebri n'kuphatikiza manambala a zilembozo. Mipukutu ina yakale ili ndi 616, ndipo nambala imeneyo imatulukanso pa dzina lomwelo likalembedwa motsata katchulidwe ka Chilatini. Wina akhoza kukana kumasulira kumeneku n'kunena kuti ulosiwo ukudikirabe kukwaniritsidwa. Ngakhale atero, sangachotse kulambira m'mutuwo. Ndiponso buku lomwelo, pa mutu 7, likunena za atumiki a Mulungu odindidwa chidindo pamphumi. Kudindidwa kuli mbali zonse ziwiri. Chimene bukulo likufunsa ndi mwini wake wa chidindocho, ndi zimene munthu wavomera kuti achilandire.

Mpingo unakumana ndi zimenezi maso ndi maso mu 250, pamene mfumu Decius inalamula kuti anthu onse a mu ufumu wa Roma apereke nsembe kwa milungu pamaso pa akuluakulu a boma, ndipo aliyense alandire kalata yotsimikiza kuti waperekadi. Makalata oposa 40 oterewa, olembedwa pa gumbwa, anapezeka mumchenga wa ku Egypt ndipo alipo mpaka lero, ali ndi dzina la munthu, mudzi wake, tsiku ndi saini ya mboni. Chida chake chinali gumbwa ndi inki basi.

Koma anthu a ku Vubwi safunika kupita ku Egypt kuti amve nkhaniyi, pakuti inagona m'dera lawo. Ku Malawi, m'nthawi ya chipani chimodzi cha Dr. Hastings Kamuzu Banda, khadi la Malawi Congress Party linkafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi, ndipo a Youth League ndi a Young Pioneers ndiwo ankaima pakhomo. A Mboni za Yehova anakana kugula khadilo, ponena kuti chikumbumtima chawo sichiwalola kulowa chipani cha ndale. Boma linawaletsa mu October 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipanicho unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Anthu pafupifupi 19,000 anawoloka malire n'kusonkhana pa msasa wa Sinda Misale, malo a m'malire amene lero ali m'boma la Vubwi, osati ku Sinda wa pa Great East Road. Anafika chilimwe chili pachimake, madzi anali osakwanira khamu lotere, ndipo matenda anapha anthu oposa 350, ambiri mwa iwo ana. Mu December chaka chomwecho anakwezedwa m'magalimoto n'kubwezedwa ku Malawi. Ambiri anathawanso, ulendo uno kupita ku Mlangeni ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu August 1993.

Munthu safunika kukhala wa Mboni, kapena kugwirizana ndi chiphunzitso chawo, kuti aone chimene chinachitika pamenepo. Ngati m'dera lino munaonekapo chinthu chofanana ndi cha m'Chivumbulutso 13, chinali chimenechi: wolamulira wofuna ulemu woposa wa munthu, chizindikiro chosonyeza kuti wavomera, msika wotsekedwa kwa wokana, ndi imfa kumapeto. Khadi lake linali lapepala, logulidwa ndi ndalama yochepa, lopanda chipu, lopanda batire, lopanda netiweki. Ndipo anthu omwewo amene anakana khadilo ankakhoma msonkho, ankalembetsa maukwati, ankanyamula mapepala ena a boma popanda vuto. Ankasiyanitsa pepala lonena kuti munthu ndi ndani ndi pepala lonena kuti mtima wake ndi wa yani. Ndi zomvetsa chisoni kuti ulaliki wa masiku ano ukuopa kachitsulo ka m'foni, pamene manda a ana aja ali pafupi pomwepa ndipo satchulidwa.

Simukhadi siifunsa munthu kuti agwadire aliyense. Mkatolika wa ku Vubwi, wa Reformed wa ku Nyanje, Msilamu wa sitolo ku Katete, wa gule wopita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, onse amagula simu yofanana ndipo aliyense amabwerera ku chipembedzo chake. Mipingo yeniyeniyo ndiyo inayamba kulemba anthu m'mabuku kuno: mishoni ya Nyanje, yomwe inatsegulidwa mu 1905, inkalemba obatizidwa ndi a m'kalasi kalekale boma la Zambia lisanabadwe, ndipo mayi wopita ndi mwana ku sikelo pa chipatala cha St Francis amasunga khadi la mwanayo ngati chuma. Baibulo nalo lili ndi kalembera wolamulidwa ndi Mulungu m'buku la Numeri, ndi kalembera wa Davide amene anabweretsa chilango. Yosefe ndi Mariya anapita ku Betelehemu kukalembetsa ku boma la Roma lomwelo.

Kunena zimenezi sikutanthauza kuti nkhani yatha, ndipo apa ndi pamene abusa otsutsa mphekesera nawonso amafulumira kutseka Baibulo. Mawu oti munthu sadzatha kugula ali ndi njira ina yokwaniritsikira, yopanda chilombo, yongofuna kalaliki wotopa. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo inayamba mu 2002. Makhadi a e-voucher anayesedwa m'maboma 13 mu nyengo ya 2015/2016, n'kufalitsidwa dziko lonse mu 2017/2018. Mlimi ankapereka K400, boma n'kuwonjezera K1,700, ndipo khadi la banki lokhala ndi chipu ndilo linkagula mbewu ndi feteleza kwa ogulitsa ovomerezeka. Ganizo lake linali labwino: mlimi asankhe yekha chimene akufuna, ndipo alimi a m'mabuku okhaokha achepe. Koma m'madera ambiri makhadi anachedwa kutsegulidwa, netiweki inkasowa, ndipo mvula sinadikire. Chaka chotsatira boma linabweza maboma ambiri ku njira yakale yogawa matumba. Mlimi amene anaima pa sitolo, khadi lili m'manja, makina n'kukana, chimanga chili chikasu kumunda, anamva m'thupi mwake tanthauzo la kutsekeredwa pa msika. Sanachite kukana kulambira aliyense. Penapake nambala yake sinagwirizane ndi dzina lake, kapena ndalama yake sinaoneke pa kompyuta.

M'dera limene a Phiri ndi a Banda adzaza mudzi uliwonse, ndipo anthu atatu akhoza kukhala ndi dzina limodzi ndi mfunda umodzi m'kopaletivu imodzi, nambala ndi chitetezo cha wosauka. Ndiyo imaletsa kuti thumba la mayi wamasiye litengedwe ndi mnzake wa dzina lomwelo amene ali ndi achibale ku ofesi. Koma nambala yomweyo ikalembedwa molakwa, mayiyo amasanduka mlendo m'dziko lake. Chilembo chimodzi chosiyana pakati pa reji ndi simu, chaka chobadwa cholembedwa mongoyerekeza, ndi zokwanira kuti ayende maulendo a ku Boma pa njinga yobwereka mpaka nthawi yothira feteleza itadutsa. Kompyuta siimva zoti mfumu ya m'mudzi ikumudziwa. Imayerekeza zolembedwa ndi zolembedwa, monga makina a kufakitale aja, ndipo zikasiyana imamuika m'gulu la zokanidwa.

N'chifukwa chake ntchito ya woyendetsa makina ndi ya mtsikana wolembetsa masimu ili nkhani ya chikhulupiriro ndithu, ngakhale kuti ili pansi pa lamulo lina, lija loletsa umboni wonama. Lebulo ndi umboni. Imauza munthu amene sangathe kutsegula kachipu kuti mkatimu muli chakutichakuti. Mzere wa pa kompyuta ya boma nawo ndi umboni: ukunena kuti mwini nambala iyi ndi uje, wa mudzi wakuti, mfumu yakuti. Wolemba mosasamala wanamizira mnzake, ngakhale sanamuonepo ndipo sanamufunire choipa. Woyendetsa makina amene waona kuti zokanidwa zasakanikirana ndi zabwino n'kungotseka bokosi kuti aweruke msanga, wachimwira munthu wa kutali amene mita yake idzazima kapena khadi lake lidzakana. Ntchito imeneyi ilibe omuombera m'manja, ndipo woichita bwino sadziwika n'komwe, pakuti chipatso chake ndi chakuti palibe chalakwika.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti: nanga ngati lebulo ndi yoona, makina ali bwino, koma fayilo yeniyeniyo ndi yoipa? Wa pachigayo amagaya chimene wabweretseredwa ndipo sitimufunsa kumene chimangacho chalimidwa, koma akaona kuti ndi mbewu yofiira ndi mankhwala, yogulidwa kuti ibzalidwe, n'kuigayabe chifukwa walipidwa, mudzi wonse udzati naye ali ndi mlandu. Woyendetsa makina kawirikawiri saona za mkati mwa fayilo, ndipo mlandu wake umalekezera pamene maso ake alekezera. Mlandu waukulu uli pa amene amasankha zoti zilembedwe. Ku Rwanda, atsamunda a ku Belgium anayamba m'ma 1930 kulemba mtundu wa munthu pa chitupa, Hutu, Tutsi kapena Twa. Makalaliki ankalemba molondola ndithu monga mwa lamulo la nthawiyo. Mu 1994 mzere umodzi umenewo ndi umene unkawerengedwa pa zipata za m'misewu posankha woti aphedwe. Reji ya Zambia imalemba mudzi, mfumu ndi boma la munthu, kaya ndi kwa Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba, Nyanje kapena Pembamoyo, ndipo ambiri amanyadira zimenezo. Komabe zonsezi zikalowa m'kompyuta imodzi pamodzi ndi zidindo za zala, nkhope, nambala ya foni ndi mbiri ya ndalama, nzika ili ndi ufulu wofunsa kuti akusunga ndani, amene angatsegule ndani, ndipo boma likadzasintha zidzakhala m'manja mwa yani.

Ku Kenya mafunso awiriwa anayenda limodzi, ndipo zotsatira zake ndi zophunzitsa. Pamene boma linkayambitsa Huduma Namba mu April 2019, mphekesera ya 666 inakula mpaka Pulezidenti Uhuru Kenyatta anachita kuitsutsa poyera. Mphekeserayo sinaimitse kanthu, anthu mamiliyoni analembetsa. Chimene chinaimitsa makhadiwo ndi khoti lalikulu, lomwe mu October 2021 linagamula kuti boma linalakwa kuwatulutsa lisanaunike chiopsezo cha pa zinsinsi za anthu monga lamulo likufunira. Amene anapita kukhoti anafunsa funso limene boma linkayenera kuyankha. Zambia ili ndi lamulo lotere, Data Protection Act la 2021, lopatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kulamula kuti zolakwika zikonzedwe. Ndi alimi angati a ku Vubwi amene anamvapo za lamuloli pa guwa, poyerekeza ndi amene anamvapo za chipu cha mu jekeseni? Mlaliki akathera mphamvu pa mdani wongoganizira, nkhosa zimatsala zopanda mawu pamaso pa ofesi yeniyeni.

Palinso mbali ya ife eni, ndipo nkhani ya Decius ija ili ndi mchira wake. Akhristu ena a nthawi imeneyo sanapereke nsembe, komanso sanafune kufa. Anapereka ndalama kwa akuluakulu a boma n'kugula kalata yonena kuti apereka nsembe. Chizunzo chitatha, Cyprian, bishopu wa ku Carthage, ndi anzake anakhala pansi mu 251 kukambirana za anthu amenewa. Anawachitira chifundo kuposa amene anaperekadi nsembe, koma sanawaone ngati osalakwa, chifukwa analola kuti pepala linene bodza m'dzina lawo. Lero simu yolembetsedwa pa reji ya munthu wina imagulitsidwa pa msika, ndipo ndi yomweyo imene imatumiza uthenga uja wodziwika, woti ndalama zija mutumize pa nambala iyi. Apolisi akailondola amafika pakhomo pa nkhalamba imene inangobwereketsa reji kwa mdzukulu. Maina a anthu omwalira amatsala m'kaundula wa kopaletivu kuti wina alandire kawiri. Wochita zimenezi akhoza kukhala mkulu wa mpingo amene Lamulungu anachenjeza anthu za chilombo. Bodza limene woyendetsa makina amaliopa kufakitale, ife timalilemba ndi manja athu, n'kumati boma silikuona.

Adzakhalapobe anthu amene, atamva zonsezi, mtima wawo udzakana reji ya chipu kapena kujambulitsa zala. Sinda Misale iyenera kuphunzitsa boma lililonse kuti munthu wotere samenyedwa, sathamangitsidwa, ndipo mwana wake sabwezedwa pachipatala. Dongosolo labwino limasiya khomo lina lotseguka, la mboni ziwiri ndi kalata ya mfumu, la wokana ndiponso la amene zala zake zafufutika ndi khasu mpaka makina sakuziwerenga. Tsiku limene khadi lililonse, la chipu kapena lapepala, lidzayambe kufunsa chipani cha munthu, mpingo wake kapena amene adzamuvotere asanagulitsidwe feteleza, pamenepo Chivumbulutso 13 chidzakhala chikunena za ife, ndipo abusa adzayenera kuima kutsogolo kwa okana.

Pakali pano ntchito ili pafupi ndipo ndi yotheka. Abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu a m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi, mvula isanagwe itanani anthu anu abwere ndi mareji ndi mafoni awo. Achinyamata odziwa kuwerenga ayerekeze dzina la pa reji, la pa simu ndi la m'kaundula wa kopaletivu, chilembo ndi chilembo. Amene abwereketsa reji zawo auzidwe kuopsa kwake, ndipo okalamba amene maina awo asiyana aperekezedwe ku ofesi yolembetsa ku Boma mwezi wa October usanathe.